Ana Awiri ndi Chilala: Mafilimu a William ndi Shula

Pali mafilimu awiri oyenera kuwaonera motsatizana: The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe idajambulidwa m'boma la Kasungu ndi kutuluka mu 2019, ndi I Am Not a Witch, yojambulidwa ku Zambia ndi kutuluka mu 2017. Onse awiri akukamba za mwana wa kumudzi pa nthawi ya chilala, ndipo m'mafilimu onsewo nkhani ya madzi ikuthera pamutu pa mwanayo. Amasiyana pa zimene akuluakulu akuchita naye mwanayo.

Filimu ya ku Kasungu idachokera m'buku lomwe William Kamkwamba adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009. Adaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa ku Britain yemwe makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo iyeyo ndiye akusewera ngati Trywell, bambo ake a William. Aka kadali koyamba kuti Ejiofor atsogolere kujambula filimu yaitali. Idaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha Sundance mu Januwale 2019, kumene idapata mphoto ya Alfred P. Sloan, kenako idafika pa Netflix mu Malichi chaka chomwecho. Nkhani yake ndi yodziwika: mnyamata wa kwa Wimbe achotsedwa sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'chaka cha njala ya 2001 ndi 2002, apeza m'laibulale buku lotchedwa Using Energy, ndipo kuchokera pa zithunzi za m'bukulo amanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Zipangizo zake ndi fani ya thirakitala, mafelemu a njinga, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu.

Chomwe chili champhamvu kwambiri mufilimuyi si makinawo ayi. Makina akubwera kumapeto, ndipo aliyense amadziwa kale kuti azungulira. Mphamvu yake ili pa kuleza mtima kumene Ejiofor wasonyeza pofotokoza m'mene njala imalowera m'nyumba. Filimuyi yagawidwa potsata nyengo za mlimi, kuyambira kufesa mpaka kukolola, kenako njala, kenako mphepo, ndipo gawo lililonse likuchotsapo kanthu pa banja la a Kamkwamba. Mkulu wake wa Trywell amwalira ali m'munda. Anthu a m'mudzi agulitsa mitengo kwa eni esiteti ya fodya ngakhale mfumu ikuwaletsa, madzi osefukira akokolola mbewu, kenako mvula idula. Banja liyamba kudya kamodzi patsiku, ndipo likhala pansi kukambirana kuti chakudya chimodzicho chizikhala cha nthawi yanji. Kukambirana kumeneko ndi kwa mphindi zochepa, koma aliyense amene adakhalako mu 2002, pamene anthu ankadya madeya ndi mizu ya nthochi, akukuzindikira nthawi yomweyo. Palinso chithunzi cha William akuthamangira chimanga chaboma, anthu akukankhana pakhomo la nkhokwe, chimanga chili chochepa kuposa mzere. Ojambula, Dick Pope, sadakongoletse fumbi la Kasungu kapena kulichititsa manyazi. Adalisiya m'mene lilili m'mwezi wa Okutobala.

Filimuyi siikubisanso kuti njala ija idali ndi mbali ya ndale. Mfumu ya kwa Wimbe, yomwe akusewera ndi Joseph Marcell, iimirira pamsonkhano wa pulezidenti ndi kunena kuti anthu ake akufuna chakudya, ndipo imenyedwa kuseri kwa nsanja. M'mbiri yeniyeni, chimanga cha m'nkhokwe zosungira zaboma chidali chitagulitsidwa njala isanafike, ndipo boma la Bakili Muluzi lidalengeza za ngozi ya njala mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Filimu siikulowa m'mawerengero a nkhaniyo, koma ikunena momveka kuti mvula si yokhayo idalakwa.

Pakati pa zonsezi pali mkangano wa bambo ndi mwana, ndipo apa ndi pamene Ejiofor wasewera bwino koposa. Trywell si munthu woipa. Ndi mlimi wolimbikira amene wachita zonse zimene mwamuna amayenera kuchita, koma zonse zamukanika, ndipo mwana wake akumupempha njinga, chuma chokhacho chotsala pakhomo, kuti aidule. Ukali wake ndi manyazi a munthu amene akulephera kudyetsa ana. Aïssa Maïga, monga mayi Agnes, ndiye akumuuza chilungamo chimene wina aliyense sangamuuze. Lily Banda, woimba wa ku Malawi, akusewera Annie, mlongo wake wa William, mtsikana wanzeru amene akuyembekezera kupita ku koleji koma akuthawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Filimuyi ikumudutsa Annie mofulumira kwambiri. Dayinamo imene ikutheketsa makina onse yachokera pa njinga ya mphunzitsiyo, kutanthauza kuti mtsikana ndiye walipira mtengo wa luso la mlongo wake, ndipo nkhaniyo imafunika malo okulirapo kuposa amene yapatsidwa.

Zofooka zina zilipo. Chodziwika kwambiri kwa Amalawi ndi kalankhulidwe. Maxwell Simba, amene akusewera William, ndi wa ku Kenya. Maïga adabadwira ku Senegal ndi kukulira ku France. Ejiofor adachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha filimuyi. Khama lawo likuoneka, koma khutu la munthu wa ku Kasungu limamva kuti mawu akutuluka molemera, ndipo nthawi zina Mmalawi amachita kuwerenga mawu a Chingerezi a pansi kuti amve chimene chanenedwa m'chinenero chake chomwe. Kwa oonera akunja ili si vuto. Kwa eni nkhani ndi vuto, chifukwa limaika mpata pakati pa iwo ndi anthu amene akuyenera kukhala abale awo. Komabe kusankha Chichewa m'malo mojambula zonse m'Chingerezi kudali kulimba mtima, ndipo nkoyenera kuyamikira.

Chofooka chachiwiri ndi mathero. Mufilimu, makina a William akuyendetsa pampu, madzi atuluka pachitsime, mbewu zimera m'chilimwe ndipo mudzi upulumuka. M'moyo weniweni makina oyamba, amene William adamanga ali ndi zaka 14, adayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo. Zopopa madzi zidabwera patapita zaka, nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala mu 2006 ndipo iye atakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, kumene adapeza anthu omuthandiza. Filimu ili ndi ufulu wofupikitsa zaka, koma kufupikitsa kumeneku kukusintha tanthauzo: kukupangitsa kuoneka ngati luso la mwana mmodzi lingathetse njala imene idabwera chifukwa cha kulephera kwa akuluakulu ambiri. Filimu yasiyanso chinthu china chimene chili m'buku, chakuti mvula itavutanso m'zaka zotsatira, anthu ena a m'deralo adaloza makinawo chala, nati ndiwo akuthamangitsa mitambo.

Chala cholozacho ndicho mutu wa filimu yachiwiri. Rungano Nyoni, amene adalemba ndi kukonza I Am Not a Witch, adabadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales. Asanalembe adakakhala kwa kanthawi pa umodzi mwa misasa ya ku Ghana kumene amasungako amayi onenedwa kuti ndi mfiti, kenako adaisamutsira nkhaniyo ku Zambia ya m'maganizo mwake, ndipo anthu akulankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chingerezi. Filimuyi idaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 idamupezera Nyoni mphoto ya BAFTA ya wokonza filimu watsopano.

Mtsikana wamng'ono wosadziwika kwawo aoneka m'mudzi. Mayi wina agwa ndi ndowa ya madzi atamuona, ndipo zimenezo zakwanira. Kupolisi mboni zipereka umboni wa maloto. Mtsikanayo sakuvomera, sakukana, ndipo kukhala chete kwake kukutengedwa ngati kuvomera. Atumizidwa kumsasa wa agogo onenedwa ufiti, amene amamupatsa dzina loti Shula. Kumeneko mayi aliyense wamangidwa kumsana ndi riboni yoyera yaitali, yokulungidwa pa chigudumu chachikulu, akuti kuopa kuti angauluke. Shula auzidwa kuti asankhe: akhale mfiti yomangidwa, kapena adule riboniyo asanduke mbuzi. Maliboni amenewa kulibe kwina kulikonse, ndi nzeru za Nyoni mwini, koma ndi chimodzi mwa zithunzi zosaiwalika m'mafilimu a m'chigawo chino. Kutalika kwa riboni ndiko malire a ufulu wa munthu, ndipo bwana akafuna kusonyeza chifundo amangowonjezerako mamita angapo.

Bwanayo ndi a Banda, wogwira ntchito m'boma, amene Henry B.J. Phiri wamusewera mwaluso lochititsa kuseka ndi kunyansidwa nthawi imodzi. A Banda sakusamala ngati Shula ndi mfiti kapena ayi. Chimene aona ndi ndalama. Amuveka zovala zochititsa mantha kuti azikaloza akuba pa milandu ya m'midzi, amutengera pa wailesi yakanema kukatsatsa mazira, amuimika kuti alendo odzaona malo amujambule, ndipo chilala chitakula amulonjeza kwa anthu kuti agwetsa mvula. Apa ndi pamene filimuyi ikupambana zolemba zambiri zokhudza ufiti. Siikutaya nthawi kutsutsana ngati ufiti ulipo kapena kulibe. Ikufunsa kuti amapindula ndani munthu akatchedwa mfiti, ndipo yankho lake ndi mzere wautali: wa boma, mfumu, sing'anga, mwini munda amene agogowo akumulimira, ngakhale mlendo wa kamera amene akumva chisoni uku akujambula. Mkazi wa a Banda naye adali womangidwa, ndipo akuphunzitsa Shula kuti njira yopulumukira ndi kumvera ndi kukwatiwa. Koma chigudumu chake chikadali m'nyumba, chobisidwa chabe.

Maggie Mulubwa, amene akusewera Shula, adali asanaonekepo mufilimu ina iliyonse, ndipo pafupifupi zonse akuzichita ndi maso. Pali kamphindi kamene akumvetsera, kudzera m'chipangizo chapulasitiki choika pakhutu, phokoso la ana asukulu ali patali. Pambuyo pake aloledwa kulowa m'kalasi, koma riboni imukoka kumutulutsa. William adathamangitsidwa m'kalasi chifukwa cha fizi nalowera pakhomo la laibulale. Shula alibe khomo lina. Amene sadaonere filimuyi adziwiretu kuti mathero ake ndi owawa: mvula igwa, koma mwanayo kulibe.

Filimuyi nayo ili ndi zovuta zake. Nyoni amadula nkhani mwadzidzidzi, osafotokoza zimene zachitika pakati, ndipo imfa ya Shula yasiyidwa kuti woonera aganize yekha. Nyimbo za Vivaldi pamwamba pa zithunzi za kumudzi zimasokoneza ena, ngakhale cholinga chake nchoti woonera asakhale momasuka. Palinso nkhawa yomveka yakuti oonera a ku Ulaya angamaseke Afirika m'malo moseka dyera. Koma kwa woonera wa ku Chipata, ku Mchinji kapena ku Tete, a Banda ndi munthu wodziwika bwino, ndipo kuseka kwake nkwa munthu amene wazindikira nkhope. M'Malawi lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe nkhani za agogo omenyedwa kapena kuphedwa ndi achibale awo zikupitirira kumveka, ndiye filimuyi siyachilendo kuno.

Chochititsa chidwi nchakuti mafilimu onse awiriwa adatumizidwa ku mpikisano wa Oscar m'dzina la Britain, zaka ziwiri zotsatizana, chifukwa ndalama ndi makampani ojambula zidachokera kumeneko. Nkhani ndi za kuno, zinenero ndi za kuno, koma umwini uli kwina. Amene akufuna kuona m'mene Amalawi amadzijambulira okha ayambe ndi ntchito za Shemu Joyah: Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, yomwe idapambana mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Afirika pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018, patapita zaka ziwiri Joyce Mhango Chavula atapata mphoto yomweyo ndi filimu yake Lilongwe. Zithunzi za Joyah sizifika pa za Dick Pope, ndalama zake ndi zochepa kwambiri, koma anthu ake amalankhula ndi kuyenda ngati anthu a kuno.

The Boy Who Harnessed the Wind ndi ya banja lonse, ndipo ndi yoyenera kuonetsedwa m'sukulu, makamaka ngati mphunzitsi angafotokozere ana kusiyana kwa filimu ndi mbiri yeniyeni. Ana aang'ono akonzekeretsedwe za imfa ya galu wa William, Khamba. I Am Not a Witch ndi ya achinyamata okulirapo ndi akuluakulu, ndipo imakoma kuonera pagulu pamene anthu angatsutsane ikatha. Yoyamba ndi ya mphindi 113, yachiwiri 93. Mwa awiriwa, ya Nyoni ndiyo yaluso lozama, ndipo ndi bwino kuionera pambuyo pa ya ku Kasungu.