Kusunga Kaundula wa Sukulu: M'nkhokwe Yathu Kapena ya Eni?

Sukulu zina za kuno kunyanja zayamba kulemba maina a ophunzira, zotsatira za mayeso ndi ndondomeko ya chuma pa kompyuta, ndipo aphunzitsi akufunsana ngati nkwabwino kusunga zonsezi pa makina a sukulu, kapena kuchita lendi malo pa makina aakulu otchedwa seva, monga amene kampani ya Amazon idatsegula ku Cape Town m'chaka cha 2020.

Okonda kusunga pakhomo amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mfundo yao ili ndi mutu. Makina a pasukulu amagwira ntchito ngakhale intaneti itaduka, pomwe lendi ya kunja imalipidwa m'madola. Mu November 2023 mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, motero amene anali pa lendi adadzuka mtengo utalumpha, ntchito ili yomweyo.

Komabe nkhokwe ya pakhomo nayo ili ndi anankafumbwe ake. Kutentha ndi fumbi la mu October ku Mtakataka zimafupikitsa moyo wa makina, ndiponso magetsi sadalirika. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Nzoona kuti chaka chomwecho ku Golomoti kudayamba kupangidwa magetsi a dzuŵa okwana mamegawati 20, koma amenewo amaloŵa m'nthambo za Escom za dziko lonse. Sukulu yofuna seva yakeyake iyenera kugula mabatire ndi kukhala ndi munthu wodziŵa kukonza makinawo.

Phunziro lalikulu tilitenge pa nkhani ya mapasipoti. Boma lidathetsa mgwirizano ndi kampani ya Techno Brain mu December 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata angapo. Mu February chakacho Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta adatseka makinawo nafuna dipo. Apa tikuona kuti malo amene makina ali sapulumutsa munthu. Chopulumutsa ndicho kugwira makiyi wekha ndi kukhala ndi kope lina lobisika.

Tsono inu aphunzitsi anzanga, kaundula wa tsiku ndi tsiku akhale pa kompyuta ya sukulu, kope lake lizitumizidwa ku malo a lendi sabata iliyonse litatsekedwa ndi mau achinsinsi odziŵika kwa anthu aŵiri. Lamulo loteteza chinsinsi cha anthu la 2024 likuika udindo pa aliyense wosunga mbiri za ena, choncho musanasaine pangano funsani m'mene mudzatengere zanu tsiku losiyana. Inu otsiriza Fomu 4, luso losamala makina otere likusoŵa m'sukulu zathu, liphunzireni.