Chamba ndi Ululu wa Matenda a Mgonagona

M'mipingo yathu ya ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba muli abale ndi alongo amene ululu suwachoka m'thupi. Ena ndi agogo a nyamakazi amene sathanso kuwerama, ena ndi alimi a fodya amene khasu linawathera msana, ena akudwala khansa, ndipo ena mapazi amawayaka moto usiku wonse chifukwa matenda a shuga anaononga mitsempha. Panado akakanika, achibale amanong'oneza wodwalayo kuti ayese chamba, ati poti ku Malawi anachiloleza. Funsoli lafika kwa akulu a mpingo, choncho tiyenera kuliyankha poyera.

Tiyambe ndi lamulo, pakuti mbiri imeneyi inalowera pa chipata cha Chiponde ili yopereŵera. M'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi inavomerezadi kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma kwa okhawo amene atenga chiphaso ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta sikunaloledwe. Dziko la Lesotho ndilo linayamba kupereka ziphaso zotere mu Africa m'chaka cha 2017, ndipo Zimbabwe inatsatira mu 2018. Kuno ku Mozambique lamulo nambala 3/97 la m'chaka cha 1997 limaletsa kulima, kugulitsa ndi kusunga soruma. Mdzukulu wodzala mitengo iŵiri kuseri kwa nkhokwe kuti athandize agogo ake angathe kumangidwa.

Nanga chamba cha mankhwala n'chiyani? M'chomera chimenechi muli zinthu ziŵiri zodziŵika kwambiri: THC, imene imaledzeretsa, ndi CBD, imene siledzeretsa. Akatswiri amazichotsa, kuziyeza, ndi kuziika m'botolo lolembedwa muyeso. Mankhwala otchedwa Sativex, opopera m'kamwa, analoledwa ku Britain mu 2010 pothandiza kuuma kwa minofu, ndipo Epidiolex analoledwa ku America mu 2018 pothandiza mitundu yovuta ya khunyu. Pa za ululu wokhalitsa, madokotala sanagwirizane. Mu 2017 bungwe la National Academies la ku America linapeza umboni wakuti akuluakulu ena amathandizika, koma mu 2021 bungwe la International Association for the Study of Pain linakana kulimbikitsa mankhwalawa, ponena kuti umboni wake ndi wosakwanira. Ngakhale kwa amene amathandizika, ululu umangochepa, sutheratu.

Zimene zimachitika m'makomo ndi zina. Wina amasuta, wina amaŵiritsa masamba ngati tiyi, wina amathira m'phala kapena m'mafuta odzola pa bondo. Palibe amene amadziŵa mphamvu ya masambawo, pakuti imasiyana mtengo ndi mtengo. Utsi umagwira msanga, m'mphindi zochepa, koma umapweteka chifuŵa, makamaka cha munthu amene anadwalapo TB. Chodyedwa chimachedwa, nthawi zina mpaka maola aŵiri, ndipo wodwala poganiza kuti sichinagwire amaonjezera, kenaka zonse zimamugwera pamodzi. Chizungulire, kugunda kwa mtima ndi kusokonezeka maganizo zimatsatira, ndipo munthu wokalamba akagwa panjira yopita kuchimbudzi angathe kuthyoka fupa la m'chiuno. Kwa amayi oyembekezera, kwa achinyamata ndi kwa onse amene pabanja pawo pali matenda a misala, chamba n'choopsa koposa.

Choopsa china n'chakuti ululu ukagonetsedwa pakhomo, matenda amene akuuyambitsa amakula mwakachetechete. Kupweteka kwa msana kungakhale TB ya m'mafupa, imene imachizika. Kupweteka kwa m'munsi mwa mimba kungakhale khansa ya khomo la chiberekero, imene imathandizika ikapezeka msanga. Akulu anati safunsa anadya phula. Wodwala apite kuchipatala cha pafupi, ndipo ngati atumizidwa ku Cuamba kapena ku Lichinga, apite ndithu. Ngati wayamba kale kumwa masambawa, auze dokotala mosabisa, makamaka ngati akumwanso ma ARV kapena mankhwala ena.

Tidziŵenso kuti pa ululu waukulu, monga wa khansa, mankhwala odalirika alipo kale. Morphine wamadzi, womwa pakamwa, ndi wosakwera mtengo. Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa ku Uganda mu 1993 nafalitsa mankhwalawa, ndipo ku Malawi malo ngati Ndi Moyo ku Salima amasamalira odwala kayakaya ndi njira yomweyo. Ambiri amaopa kuti morphine ndi chizindikiro cha imfa, koma akaperekedwa ndi dokotala pa muyeso woyenera amathandiza munthu kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake. Wodikirira wodwala asachite manyazi kuuza namwino kuti mankhwala amene anapatsidwa sakugwira, ndi kufunsa ngati pali ena amphamvu.

Tsono mpingo uchite chiyani? Sitikulangiza Mkhristu aliyense kudzala, kugula kapena kumwa chamba, pakuti lamulo la dziko lathu likana, ndipo masamba osayezedwa si mankhwala a kuchipatala. Koma tikamva kuti mbale wodwala wachita zimenezi, tisathamangire kumuitanira ku bwalo la akulu ngati woledzera. Munthu amene watha miyezi osaona tulo safuna chisangalalo, afuna mpumulo. Akulu a mpingo ayambe ndi kumuzonda ndi kufunsa pamene pakupweteka, kuyambira liti, ndiponso ngati anapimidwa. Thumba la zachifundo limulipirire ulendo wa kuchipatala. Achinyamata amutemere nkhuni ndi kumupalira m'munda, amayi asinthane kugonera kuti womudwazika naye apumeko. Ululu umakula munthu akasiyidwa yekha.

Sabata lino mkulu aliyense alembe maina a odwala matenda a mgonagona m'dera lake, ndipo abwere nawo ku msonkhano wotsatira kuti tigaŵane ntchito. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ambuye akhale nanu nonse, makamaka inu amene usiku umakutalikirani.