Zofunda za Nkhalamba Zifike Chiperoni Chisanagwe

Mwezi wa June ukafika, chiperoni chimakuta minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo pamatha masiku atatu kapena anayi dzuŵa osaoneka. Amene amazunzika koposa ndi nkhalamba zimene zinathera mphamvu zawo pothyola tiyi ku Conforzi, ku Naming'omba ndi ku Satemwa.

Kumaiko a Azungu okalamba otere amasungidwa m'nyumba zapadera, ndipo amayi achifundo amawasokera zofunda za zigamba. Ku Thyolo nyumba zotero n'zosoŵa. Gogo amagona m'kanyumba kake kumudzi, pamphasa, atafunda chitenje chimodzi chokha.

Chodabwitsa n'chakuti mphatso zambiri zimafika pa Khirisimasi, kunja kukutentha, tiyi ali pachimake ndipo m'nyumba muli kangachepe. Koma m'miyezi yozizira masamba amachepa, aganyu amaimitsidwa, kotero kuti mwana amene akanagulira mayi wake bulangete amakhala alibe ndi khobidi lomwe. Apa ndiye pamene thandizo lifunika.

Choncho amayi a Dorika a ku Malamulo, mishoni imene inayamba m'chaka cha 1902, pamodzi ndi anzawo a Mvano, ayenera kutola singano m'mwezi wa March. Nsalu sivuta. Zigamba zimene atelala a pa Luchenza ndi pa Bvumbwe amasesera kudzala n'zokwanira. Kungozilumikiza, kuika majuzi akutha akaunjika pakati kuti chofundacho chilemere, n'kupinda m'mphepete. Atsikana a kusekondale, amene amaphunzira zosoka kuti angokhoza mayeso, athandize nawo, kuti pofika May zofundazo zikhale zitaperekedwa khomo ndi khomo.