Mganda ndi Beni Si Magule Olandirira Alendo Chabe

Anthu a ku Lifuwu, m'boma la Salima, amadziwika ndi ulimi wa mpunga ndi usodzi. Koma mpunga ukalowa m'nkhokwe, amuna a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amandanda pa mizere kuvina mganda, ena beni, ndipo ambiri oonerera sazindikira kuti akuona mbiri ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu.

Magulewa anafala ndi Nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918. Asilikali a Keyala ndi amtengatenga amene anapita ku Karonga ndi kupyola malire anaona perete, namva bandi ya malipenga a mkuwa ikuimba nyimbo za ku Ulaya zochita kuwerenga pa pepala. Pobwera kwao analibe ndalama zogulira zida zotere. Anatenga zipanda naziboola, namata pa chiboocho nembanemba ya kangaude, ndipo chipanda chinalira ngati lipenga. Maudindo a kingi, sajeni ndi dokotala analowanso m'bwalo. M'menemo munali kuseka kwa mseri, pakuti mnyamata amene ku nkhondo ankangosenza katundu wa mzungu, kumudzi ndiye ankalamula perete.

Nkhondo yachiwiri inawonjeza zake. Akeyala a dziko lino anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944, ndipo ena anabwerako ndi magitala ndi mabanjo. Wailesi ya ku Lusaka, imene pambuyo pake inatchukitsa oimba a Chinyanja, inayamba mu 1941 pofuna kuulutsa nkhani za nkhondoyo.

Alipo ena ophunzira amene amati mganda ndi kutsanzira atsamunda chabe. Amenewa sanamvetsere ng'oma yake ngakhale mawu a nyimbo zake. Chovala ndi cha msilikali, inde, koma mapondedwe, nthabwala ndi madandaulo ndi a pamudzi.

Nchifukwa chake nzomvetsa chisoni kuona m'mene akuluakulu ena okonza misonkhano amachitira ndi magulewa. Ovina amaitanidwa m'mamawa, nakhala pa dzuwa kudikira mlendo, ndipo akangoyamba amauzidwa kuti nthawi yatha. Mwezi wa November, pokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo, bandi ya asilikali imaimba, ndipo nkoyenera kutero. Koma chipanda cha adzukulu a amtengatenga sichimveka.

Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Amene anapita ku Burma atsala pang'ono kutheratu, ndipo ana awo, amene anamva nyimbozi pakamwa pa eni ake, nawonso ndi nkhalamba. Ofesi ya DC ku Salima, aphunzitsi aakulu a sukulu za ku Lifuwu ndi a wailesi ya MBC apite kwa nkhalambazi mpunga wa chaka chino ukakololedwa, akajambule nyimbo iliyonse pamodzi ndi kumasulira kwake ndi dzina la mudzi umene ukuiimba.