Kodi mayunivesite akunja amafuna chiyani?

Makolo ndi ophunzira a ku Fort Lister kuno ku Phalombe, tcherani khutu. Kukhoza bwino MSCE pakokha sikukwanira kuti mwana alowe yunivesite yotchuka ngati Oxford kapena Cambridge. Kumeneko amafuna A-Level kapena maphunziro ofanana nawo, ndipo kuno kwathu sukulu zophunzitsa A-Level, monga Kamuzu Academy, ndi zochepa. Mayunivesite ambiri amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, kalata ya umboni yochokera kwa aphunzitsi, komanso kalata yomwe wophunzira wafotokozamo yekha cholinga chake. Pasipoti, viza ndi umboni wa ndalama zisaiwalike. Komatu n'zotheka: William Kamkwamba wa ku Kasungu adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014. Yambani kukonzekera mwana akadali Fomu 3.