MPHASA NDI MKEKA: KODI TSIKU LA WOLUKA LILI NDI MTENGO WANJI?

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, kuyambira ku Chia kukafika ku Dwangwa, palibe khomo limene lingathe sabata yathunthu osayala mphasa kapena mkeka. Mlendo akafika timamuyalira mkeka. Mpunga ukapunthidwa timauyanika pamphasa, ndipo ufa wa kondoole nawo umaumira pomwepo. Khanda limayamba moyo wake pamphasa m'chikuta, ndipo munthu akatisiya mphasa imamuperekeza mpaka kumanda. Komabe woluka akafika ndi katundu wake pamsika, ife ogula timanenerera mtengo ngati kuti tikugula chinthu chotola panjira. Mfundo yathu m'nkhani ino ndi imodzi: luso la kuluka lidzatha pakati pathu ngati tsiku la woluka lipitirira kukhala lopanda mtengo, ndipo amene angathandize kukonza zimenezi ndi aphunzitsi pamodzi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu.

Tiyeni tiyambe taona ntchito yeniyeniyo, pakuti ambiri timangoona mphasa itatha kale. Wosoka mphasa amalaŵirira m'mamaŵa kupita kudambo kapena kumathiriro a mitsinje monga Bua ndi Kaombe kumene bango limamera. Kumeneko amaima m'madzi mmene muli likodzo, uku akutchera khutu kuopa ng'ona ndi mvuu. Akadula bangolo amalisenza mpaka kunyumba, kuling'amba, kulipala ndi kuliyanika. Pambuyo pake amapota chingwe cha khonje pantchafu, kuviika bango m'madzi kuti lifeŵe, ndipo apo m'pamene amatenga singano yaitali yachitsulo n'kuyamba kusoka, bango limodzi pambali pa linzake, kufikira mphasa itakwana msinkhu wa munthu wamkulu. Woluka mkeka naye ali ndi ulendo wake. Amafuna mlaza wanthete, kuuyanika, kuung'amba tizingwe tating'ono tofanana, kuphika tina mu utoto kuti mkeka ukhale wamaŵanga, kuluka mizere yaitali ngati malamba, kenaka kuilumikiza umodzi ndi unzake. Zonsezi zimachitikira pakhonde, mayi akatha kutunga madzi ndi kuphika, kapena bambo akalephera kuloŵa panyanja chifukwa cha mphepo ya mwera m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Chifukwa choti ntchitoyi imachitikira pakhonde, anthu amaiyesa yongotayitsa nthaŵi. Ngakhale wolukayo akafunsidwa chimene wagwiritsa ntchito, amangotchula ndalama ya utoto kapena ya khonje. Masiku ake saaŵerengera. Tsono m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chachepa m'nyumba, amagulitsa mphasa zake kwa opikula pamtengo uliwonse umene iwo atchule. Opikulawo amazikweza pagalimoto pamseu wa m'mbali mwa nyanja wodzera ku Salima, n'kukazigulitsa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Sitikunena kuti wopikula ndi wakuba, iai, pakuti iyenso amalipira ulendo ndi malo pamsika. Kusiyana kwake n'kwakuti wopikula amaŵerengera zonse zimene wataya, pamene woluka saŵerengera.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi chenjezo pankhani imeneyi. Ambiri mwa ophunzira athu sadziŵa kuti makolo athu ankaomba nsalu. Mu 1859 David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire adapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi mwao, ndipo adaona mitundu iŵiri ya thonje, la manga lochokera kunja ndi la kaja lakonkuno. Woomba ankakhoma zikhomo pansi, kuyala ulusi m'litali, n'kumapingasa wina pang'onopang'ono kufikira nsalu itatuluka. Nsalu yolimba imeneyi inkatchedwa machila, ndipo inkagulitsidwa mpaka kumadera a mtsinje wa Zambezi. Dzina lomwelo lidapatsidwanso chonyamulira chija chimene Azungu ankanyamulidwiramo paulendo. Ngakhale mau akuti njinga, amene lero timatchulira chokwera cha magudumu aŵiri, kale ankanena kachipangizo kokulungira ulusi wa thonje. Mau adatsala m'kamwa mwathu, koma luso lidachoka m'manja.

Kodi chidapha luso limeneli n'chiyani? Yankho lofulumira ndi lakuti idalipha ndi nsalu yochokera kunja, ndipo ife a ku Nkhotakota tikudziŵa njira imene nsaluyo idadzera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika kuno, zombo zinkaoloka nyanja zitanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo, n'kubwerako ndi mikanda, mfuti ndi nsalu zimene amalonda ankazitcha merikani ndi kaniki, yoyambayo yochokera ku America ndipo inayo ku India. Kampani ya Mandala, imene idayamba mu 1878, idaonjeza nsalu za m'mafakitale a ku Britain. Koma akatswiri a mbiri amatikumbutsa kuti nsalu yakunja sidagwire yokha ntchito imeneyi. Kuchigwa cha Shire nkhondo zogwira akapolo ndi chilala cha mu 1862 ndi 1863 zidabalalitsa midzi ya oomba nsalu. Mtendere utabwerera, anthu adaona kuti tsiku lolima mbeu zogulitsa linkaŵapatsa zambiri kuposa tsiku lokhala pansi kupota ulusi, ndipo adasankha khasu. Apa m'pamene pagona phunziro. Munthu sasiya luso chifukwa chodana nalo. Amalisiya pamene tsiku lake likulipidwa bwino kwina.

Mphasa ndi mkeka zili panjira yomweyo. Mnyamata wa ku Linga kapena ku Benga amaona kuti tsiku limodzi lokoka khoka, lopalasa kabaza kapena lodula mzimbe ku Dwangwa limabweretsa ndalama yooneka madzulo omwewo, pamene mphasa ya agogo ake imadya masiku angapo isanabweretse kanthu. Tingamudzudzule bwanji akakana kuphunzira? Kumuuza kuti asunge mwambo wa makolo pamene m'thumba mwake mulibe ndalama ya sopo n'kungotaya mau.

Ena adzati: zisiyeni zithe. Mikeka yapulasitiki yadzaza m'misika, imatsukika, siidyedwa ndi chiswe, ndipo sivuta kuipinda. Adzaonjezanso kuti ngakhale fakitale yaikulu ya David Whitehead and Sons, imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 ndi makina ake onse, idavutika pamene kaunjika adasefukira m'dziko muno, kufikira idagulitsidwa mu 2003; nanga munthu mmodzi wokhala pakhonde ndi singano angapikisane ndi yani? Mau ameneŵa ali ndi nzeru, ndipo sitikupempha munthu aliyense kuti abwerere kukaomba machila. Koma pali zinthu zitatu zimene otsutsawo amaziiŵala. Choyamba, mkeka wapulasitiki umatentha padzuŵa la kunyanja, ndipo ukang'ambika susokeka, umangosanduka chinyalala chimene sichiola. Mphasa ikatha imabwerera kunthaka. Chachiŵiri, ndalama yogulira mphasa imatsala m'mudzi, imagula usipa ndi makope a ana, pamene yogulira pulasitiki mbali yake yaikulu imapita kutali. Chachitatu, msika wa zoluka ulipo ndithu. Mipando yoluka ya kuno imagulitsidwa ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Ulaya komwe, ndipo kumeneko amaitchula ndi dzina la dziko lathu la Malaŵi. Ogula ameneŵa amafuna chinthu chopangidwa bwino, chamuyeso umodzi, chofika pa tsiku limene adapangana. Zimenezi n'zimene woluka wakumudzi amasoŵa womuthandiza.

Tsono inu aphunzitsi, pano pali ntchito yanu. M'makalasi athu a pulayimale muli phunziro la luso ndi ntchito zamanja, koma kaŵirikaŵiri limathera pa tsache limene mwana wagula kumsika n'kubwera nalo kuti mumupatse malikisi. Bwanji osaitana mmisiri wa m'mudzi momwemo kuti adzaphunzitse, ndi kumulandira ndi ulemu umene mumapereka kwa mlangizi wa zaulimi? Ndipo paphunziro la masamu, m'malo moŵerengera zinthu zimene ana sadazionepo, apatseni funso la mphasa. Aŵerenge masiku odula ndi kusenza bango, ndipo ngati bangolo lakwana mphasa zitatu, agaŵe masikuwo patatu. Aonjeze masiku ong'amba ndi kupala, opota chingwe, osoka, ndi tsiku lopita kumsika. Kenaka achotse ndalama ya zipangizo pa mtengo umene mphasa imagulidwa pamsika wa kwanuko, zotsalazo azigaŵe ndi chiŵerengero cha masikuwo, ndipo yankho lake alifanizire ndi malipiro a tsiku limodzi la ganyu m'munda wa mpunga. Mwana amene wapeza yekha yankho limeneli sadzanenereranso mphasa mopanda manyazi, ndipo akadzakhala woluka sadzagulitsa thukuta lake mwaulere.

Kwa inu amene mwatsiriza Sitandade 8 kapena Fomu 4 ndipo mukudikira ntchito imene siikubwera, kumbukirani kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Simuyenera nonse kukhala oluka. Koma inu mumatha kulemba, kuyesa ndi tepi, kusunga kaundula wa zoloŵa ndi zotuluka, ndi kutumiza chithunzi pafoni kwa wogula amene ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Agogo anu ali ndi luso limene inu mulibe, ndipo inu muli ndi masamu amene iwo sadaphunzire. Oluka khumi a m'mudzi umodzi atagwirizana muyeso umodzi ndi mtengo wotsikitsitsa umene sangaupitirire, n'kusunga katundu wina kufikira nyengo yokolola pamene anthu ali ndi ndalama, wopikula adzayamba kulankhula nawo mwaulemu. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, nalo liyenera kuona kuluka monga limaonera ukalipentala ndi umakaniko.

Pali chinthu chinanso chimene mafumu athu ayenera kuchisamala. Popanda bango palibe mphasa, ndipo popanda mlaza palibe mkeka. Bango la m'mphepete mwa nyanja ndi la ku Chia limatenthedwa ndi kuzulidwa kuti pakhale minda kapena mchenga woyera wa malo ogona alendo, chonsecho m'bango momwemo ndi mmene tiana ta nsomba timabisala kufikira titakula, ndiponso mizu yake ndiyo imagwira dothi kuti mafunde asalikokolole. Mfumu imene ipatula malo a bango, n'kuika nyengo yodula ndi nyengo yolisiya kuti liphuke, yathandiza woluka ndi msodzi nthaŵi imodzi.

Makolo athu adataya luso la kuomba nsalu m'nthaŵi ya nkhondo, njala ndi ukapolo, ndipo palibe angaŵaimbe mlandu. Ife tili pamtendere, tili ndi sukulu m'midzi yathu, ndipo timadziŵa kuŵerengera. Ngati mphasa idzatsala m'mabuku monga adatsalira machila, mlandu udzakhala wathu. Maŵa mukakumana ndi mayi wosenza mikeka pamseu, yambani mwamufunsa kuti mkeka umodzi wamutengera masiku angati, ndipo mukamva yankho lake, apo mutchule mtengo wanu.