Musamulire mwana chifukwa cha mutu wake

Kumudzi agogo amakonda kusisita liwombo la khanda. Kampata kameneko nkofunika, chifukwa mafupa a chigaza akagwirana msanga ubongo umasowa malo okulira. Mwana wa mlamu wanga kuno ku Peckham anabadwa ndi Crouzon syndrome, mafupa atagwirana nthawi isanakwane, maso otuluka pang'ono. Pa gulu lathu la WhatsApp ena anayamba kale kumulira, ati sukulu sadzaitha.

Ayi abale. Ana ambiri a Crouzon nzeru zawo zimakhala bwinobwino. Kwa a Apert syndrome, ngakhale jini yake ndi yomweyo ya FGFR2, zimasiyana: ena amafunika thandizo pophunzira, ena ayi. Zina zobweza mwana m'mbuyo ndi zochizika, monga kupanikizika kwa ubongo, kusamva bwino ndi kubanika kutulo. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, si udokotala, koma mwana amene sakumva aphunzitsi aphunzira bwanji?

Ku England zipatala zinayi za NHS ndizo zimaona matendawa, ndipo chathu ndi Great Ormond Street. Tsiku loyeza makutu ndi maso musaliphonye, olo kuntchito kuvute. Ngati mwana akufunika thandizo kusukulu, pemphani EHCP ku Southwark Council msanga, poti lamulo limawapatsa masabata 20 kuti amalize.